Catcher wachiwiri: tisunge wachikulire wosamenya kapena mnyamata wa ndodo yotentha?

Funso: Ndakhala ku America zaka zinayi tsopano, ndipo anzanga a kuntchito andizoloweretsa kuonera baseball. Timu yomwe ndimachemerera ili ndi catcher wodalirika, koma malo a wachiwiri wake akulimbirana anthu awiri. Wina ndi wachikulire wa zaka 34 amene kumenya mpira kumamuvuta kwambiri. Wina ndi mnyamata wa zaka 23 amene chaka chatha anamenya bwino zedi ku Triple-A, ligi yaing'ono yomwe ili pansi penipeni pa ligi yaikulu. Mphekesera zikuti akuluakulu a timu akufuna kusunga wachikulireyo, ndipo ine sizikundimvekera. Bwanji osatenga amene amamenya? Mukanakhala inuyo mukanasankha ndani?

Yankho: Zikomo achimwene chifukwa cha funso lanu. Ochemerera baseball amakangana pa nkhani imeneyi chaka chilichonse m'mwezi wa March, matimu akamamaliza zokonzekera ku Arizona ndi ku Florida, ndipo oganiza ngati inu ndi ambiri. Ndikuuzeni kaye pomwe ndaima, zifukwa zibwera pambuyo. Sizoni ikamayamba ndikanasunga wachikulireyo, mnyamatayo n'kumubweza ku Triple-A kuti azikasewera tsiku ndi tsiku. Koma sindikanatero chifukwa cha imvi ayi. Ndikanayamba ndafufuza ngati mbiri yake yoteteza bwino idakali yoona lero, chifukwa alipo ma catcher ena amene akudyerabe dzina lomwe anapanga zaka zisanu zapitazo.

Kwa anzathu amene akuwerenga nawo koma masewerowa sanawaonerepo: catcher ndi uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya mpira, atavala chigoba kumaso, chotchinga pachifuwa ndi zotchinga m'miyendo. Amene amatsata cricket ku Zimbabwe kapena ku South Africa angamuyerekeze ndi wicketkeeper, koma udindo wake ndi waukulu kuposa pamenepo. Iye ndi amene amauza pitcher, woponya uja, mtundu wa mpira woti aponye ndi malo oti aulunjike. Mwa osewera 9 a timu yoteteza, ndi iye yekha amene bwalo lonse lili patsogolo pake.

Ambirife tinakulira mpira wamiyendo, ndiye tikamva kuti wachiwiri timaganiza za goloboyi wa pa benchi, amene amatha kumaliza ligi yonse osagwirako mpira. Chisokonezo chimayambira pamenepa. Catcher wachiwiri amasewera ndithu, ndipo timu imadziwiratu kuti asewera. Sizoni ya Major League Baseball ili ndi magemu 162 m'miyezi 6, nthawi zina masiku 10 kapena kuposerapo otsatizana popanda tsiku lopuma. Pa gemu iliyonse catcher amanyonyomala ndi kudzuka kambirimbiri, mipira yopatuka pa ndodo ikumugunda pa zala, paphewa, m'mawondo ndi pachigoba. Mu 1968 Randy Hundley wa Chicago Cubs anagwira magemu 160, ndipo palibe wina anafikaponso pamenepo. Masiku ano catcher woyamba akakwanitsa kuyamba magemu 115 kapena 120 kumbuyo kwa home plate, malo omwe womenya amaima pambali pake, timu imathokoza. Gemu ya masana a Lamulungu yotsatana ndi ya usiku wa Loweruka, kapena tsiku lomwe pali magemu awiri, wachiwiri ndiye amavala zida. Choncho mukusankha munthu woti ayambe magemu 40 kapena 50, ndipo apa tikunena woyambayo asanavulale.

Tiyeni tiwerengere limodzi. M'magemu 50, munthu ameneyu adzaima ndi ndodo mwina ka 180. Tiyerekeze kuti wachikulire wanu amamenya .200, kutanthauza kuti pa maulendo 10 alionse amapeza hit (kumenya mpira n'kufika osatulutsidwa pa base, poima othamanga) kawiri, pamene mnyamatayo angamenye .250. Kusiyana kwawo chaka chonse ndi ma hit 9. Ena mwa ma hit amenewo angakhale ma home run, mipira yomenyedwa mpaka kutuluka m'bwalo, ndiye sindikuwapeputsa. Koma m'magemu 50 omwewo oponya a timu yanu adzaponya mipira pafupifupi 145 pa gemu, yonse pamodzi yoposa 7,000. Uliwonse adzausankha ndi iyeyo, ndipo yochuluka idzathera m'golovesi lake. Maulendo 180 mbali ino, mipira 7,000 mbali inayo. N'chifukwa chake akuluakulu a matimu amayang'ana golovesi kaye, ndodo pambuyo.

Pa mipira yonseyo, ntchito yopindulitsa kwambiri ndi yomwe diso la wochemerera siliona. Woyimbira amene amaima kumbuyo kwa catcher ndiye amagamula ngati mpira wosamenyedwa uli strike, wodutsa m'malire oyenera, kapena ball, wodutsa kunja kwake, ndipo mipira yambiri imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa malire. Catcher waluso amaulandira mofewa, thupi lili phee, golovesi likuchokera pansi kulowera m'kati, ndipo woyimbira amauona ngati wadutsa pabwino. Wosadziwa amachita kuuthamangira, golovesi n'kukankhidwira kunja, mutu n'kugwedera, strike yeniyeni n'kusanduka ball. Luso limeneli amalitcha framing. Makochi ankalidziwa kuyambira kale, koma kunalibe choliyezera mpaka pamene makamera a PITCHf/x anafika m'mabwalo onse cha m'ma 2008. Mu 2011 Mike Fast anatulutsa kafukufuku ku Baseball Prospectus wosonyeza kuti pa luso limeneli lokha, catcher wabwino ndi woipa amasiyana ndi ma run (zigoli za baseball) makumimakumi. Pamwamba pa onse panali José Molina, munthu wosathamanga, wosamenya kwenikweni, amene zaka zake zambiri anali wachiwiri kwa ena. Tampa Bay Rays, timu yodziwika ndi kugula mwanzeru ndi ndalama zochepa, inamusayinitsa chaka chomwecho ali ndi zaka 36 n'kumupatsa udindo waukulu. Akatswiri a ziwerengero amati ma run 10 amafanana ndi kupambana gemu imodzi, ndiye mukuona kuti manja ofewa amatha kubweza zomwe ndodo yalephera.

Pali chatsopano chomwe chikusintha pang'ono kawerengedwe kameneka. Mu September 2025 ligi inavomereza kuti kuyambira sizoni ya 2026 osewera azitha kutsutsa chigamulo cha strike kapena ball, makamera n'kupereka yankho nthawi yomweyo. Timu iliyonse imayamba gemu ndi mipata iwiri yotsutsira, ikalondola mpatawo sutha, ndipo wololedwa kutsutsa ndi pitcher, catcher kapena womenya basi, pogwira chipewa chake pompopompo, osafunsa ku benchi. Ena ayamba kale kunena kuti framing yatha ntchito. Ine sindikugwirizana nawo. Mipira yochuluka idzagamulidwabe ndi maso a munthu, ndipo lamuloli labweretsa luso lina: kudziwa chigamulo choyenera kutsutsa ndi choyenera kuchisiya chipite. Amene amauona mpira bwino kuposa onse ndi catcher, ndipo wophuphuluma akhoza kutha mipata yonse iwiri mu inning yachiwiri mwa zigawo 9 za gemu. Komabe ndivomere kuti ngati wachikulire wanu alibe china chilichonse kupatula framing, mtengo wake watsikako.

Ndiye muone zina ziwiri. Choyamba ndi kutchinga. Oponya amakono amaponya dala mipira yokhota yokagwera m'dothi patsogolo pa home plate kuti womenya aphonye. Wothamanga akakhala pa base yachitatu, pitcher amene sakhulupirira kuti catcher wake autchinga mpirawo ndi chifuwa saponya mpira wake wabwino koposa. Amaponya wowongoka, n'kumenyedwa, ndipo mlandu umalembedwa pa dzina la pitcher pamene gwero lake ndi munthu wonyonyomala uja. Chachiwiri ndi mkono. Malamulo a 2023 anabweretsa wotchi yowerengera pitcher masekondi, anakulitsa ma base kuchoka pa mainchesi 15 kufika pa 18, komanso anachepetsa maulendo omwe pitcher angaponyere ku base pofuna kuopseza wothamanga. Kuba ma base kunakwera kuchoka pa 2,486 mu 2022 kufika pa 3,503 mu 2023, ndipo Ronald Acuña Jr. yekha anaba 73. Kuchoka pa home plate kukafika pa base yachiwiri pali mamita pafupifupi 39. Catcher wamba amatenga masekondi pafupifupi 2.0 kuchokera pamene mpira wagunda golovesi lake kufika pamene wagunda la mnzake uko, pamene akatswiri ngati J.T. Realmuto amayandikira 1.8. Kwa munthu wa zaka 34, miyendo ndi mkono ndi zomwe zimayamba kufooka. Apa ndi pamene ndikanamuyeza mosanyengerera.

Koma pali mbali ina yomwe manambala saikwanitsa, ndipo nkhani yomwe imandithandiza kuifotokoza ndi ya Doug Mirabelli. Boston Red Sox inali ndi pitcher wotchedwa Tim Wakefield, amene ankaponya knuckleball, mpira wosazungulira umene umayenda mopepesuka ngati gulugufe, moti ngakhale woponyayo sadziwa bwinobwino komwe ukatere. Kwa zaka zingapo Mirabelli, wachiwiri kwa Jason Varitek, ndiye ankaugwira, atavala golovesi lalikulu kuposa la masiku onse. Kumapeto kwa 2005 timu inamugulitsa ku San Diego Padres, ndipo ntchito ija inagwera Josh Bard. M'mwezi umodzi wokha wa April 2006, mipira 10 inamupulumuka Bard. Pa 1 May Red Sox inamubweza Mirabelli, Bard n'kupita ku San Diego. Tsiku lomwelo Wakefield amayenera kuponya polimbana ndi New York Yankees. Mirabelli anakwera ndege kudutsa dziko lonse, anatsikira pa bwalo la ndege la Logan ku Boston, apolisi n'kumuthamangitsira ku Fenway Park, bwalo la Red Sox, akuvala yunifolomu m'galimoto momwemo, ndipo anafika gemu ili pafupi kuyamba. Chimene ndimafuna muone ndi ichi: chaka chimenecho Bard anamenya .338 ku San Diego, pamene Mirabelli sanafike ngakhale .200. Bard sanali wosewera woipa. Anali womenya bwino kuposa Mirabelli kutali, koma ntchito yomwe Boston inkafunira wachiwiri inali yogwira mpira wa Wakefield kamodzi pa masiku asanu alionse, ndipo ntchito imeneyo sanaikwanitse. Musanafunse kuti wabwino ndani pa awiriwo, funsani kaye kuti oponya a timu yanu ndi otani.

Greg Maddux, pitcher amene anapambana magemu 355 pa moyo wake wa baseball, kwa zaka zingapo ku Atlanta Braves ankakonda kuponyera Eddie Pérez ngakhale kuti catcher woyamba, womenya kwambiri, anali Javy López. Dongosololi linkathetsa mavuto awiri nthawi imodzi: Maddux ankapeza munthu womvana naye, López ankapeza tsiku lopuma lodziwikiratu. Mu 1999 López atavulala bondo, Pérez anatenga udindo wonse ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa National League Championship Series, wotsegula njira yopita ku ndime yomaliza ya chikho, pomwe Braves inagonjetsa New York Mets. David Ross nayenso ankagwirira pitcher Jon Lester ku Boston kenako ku Chicago Cubs. Lester ankavutika kuponyera mpira ku base yoyamba, othamanga ankadziwa zimenezi, ndipo mkono wa Ross ndi umene unkawaletsa kuchita zofuna zawo. Pa gemu yachisanu ndi chiwiri ya World Series ya 2016, ndime yomaliza ya chikho, Ross analowa limodzi ndi Lester mu inning yachisanu, zinthu n'kumuyambira moipa: anaponya mpira molakwika, kenako mpira wina unadumpha m'dothi n'kumugunda pachigoba, Cleveland n'kupeza ma run awiri. Inning yotsatira, ali ndi zaka 39, anamenya home run pa mpira wa Andrew Miller. Cubs inapambana 8-7 n'kutenga chikho chomwe inalekeza kutenga mu 1908, ndipo run yachisanu ndi chitatu inabwera ndi ndodo ya Miguel Montero, catcher wachitatu kulowa m'gemu imeneyo.

Nthawi zikuluzikulu zimawapeza ndithu anthu amenewa. Drew Butera ndiye anagwira mpira womaliza wa World Series ya 2015 chifukwa Kansas City Royals inali itatulutsa catcher woyamba Salvador Pérez kuti wina wachangu amuthamangire. Christian Vázquez, amene Houston Astros inamugula kwa Boston pakati pa sizoni ya 2022 kuti akhale wachiwiri kwa Martín Maldonado, ndiye anagwira gemu yachinayi ya World Series pomwe oponya anayi sanalole Philadelphia Phillies kupeza hit ngakhale imodzi.

Nanga masiku oposa 100 omwe sakusewera amatani? Amafika msanga, amaonera mavidiyo a omenya a timu inayo, amakhala pa zokambirana za oponya ndi makochi awo gemu isanayambe, amagwirira oponya pa zokonzekera, ndipo catcher woyamba akamavala zida pakati pa ma inning iye ndiye amathamangira kukalandira mipira yoyambira. Kuyambira 2022 zizindikiro zouza pitcher mpira woti aponye zimaperekedwa ndi kachipangizo ka PitchCom, ndipo kuyambira 2024 timu imaloledwa kukalankhula ndi pitcher pakati pa bwalo kanayi kokha pa gemu, ndiye zambiri ziyenera kukhala zitamveka kale masewero asanayambe. Chilankhulo nachonso chimawerengedwa. Oposa kota ya osewera a m'ligiyi anabadwira kunja kwa America, ambiri ku Dominican Republic ndi ku Venezuela, ndipo catcher wotha kukhazika mtima pansi mnyamata wamantha m'Chisipanishi amathandiza m'njira yomwe palibe amailemba. Pamafunikanso mtima wovomera kukhala pansi masiku anayi osadandaula, tsiku lachisanu n'kudzuka wokonzeka. Si aliyense ali nawo. Sizodabwitsa kuti ambiri mwa anthu ogwira ntchito imeneyi amadzakhala mamanijala: Bruce Bochy, amene watenga World Series kanayi, Kevin Cash wa Tampa Bay, ndi Ross yemwe uja, onsewa anali ma catcher a pa benchi. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo timu ikamasunga munthu womenya .200 zaka ndi zaka, kawirikawiri oponya ake amakhala atamupempha.

Tsopano ndibwere kumbali yanu, chifukwa nkhawa yanu ili ndi maziko. Chikondi cha mamanijala pa ma catcher oteteza chimatha kupitirira muyezo. Jeff Mathis anasewera zaka 17 m'ligi yaikulu akumenya .194, ndipo ngati wachiwiri anali woyenera malipiro ake. Vuto linabwera ku Los Angeles Angels pamene manijala Mike Scioscia, amenenso anali catcher pa nthawi yake, ankamugawira magemu ochuluka omwe akanapita kwa catcher mnzake Mike Napoli. Mu January 2011 Angels inamugulitsa Napoli, amene patangopita masiku ochepa anakathera ku Texas Rangers, timu yolimbana nayo m'chigawo chimodzi. Chaka chimenecho Napoli anamenya .320 ndi ma home run 30, Rangers n'kukafika ku World Series, pamene Mathis anamenya .174. Mawerengedwe anga a ma hit 9 aja amagwira ntchito pa magemu 50. Munthu wosamenya akayamba kusewera magemu 100, dzenje limakula mpaka golovesi silingalikwirire. Ndiye ndikamati sungani wachikulire, ndikutanthauza kuti akhale wachiwiri weniweni, ndipo manijala asamukweze mwakachetechete.

Za mnyamata wanuyo, ndikufunseni kaye kuti anamenyera kuti. Triple-A ili ndi ligi ziwiri, ndipo ya kumadzulo, Pacific Coast League, ili ndi mabwalo a m'malo okwera ndi ouma monga Albuquerque, Reno, Salt Lake, El Paso ndi Las Vegas, komwe mpira umauluka kutali ndipo mipira yokhota siikhota mokwanira. Manambala a kumeneko ali ngati chikomekome cha nkhuyu, muyenera kuyang'ana m'kati. Koma tinene kuti ndi womenya weniweni. Ngati ndi choncho, chifukwa chomusiyira ku Triple-A chakula. Catcher amachedwa kukhwima kuposa osewera ena chifukwa amaphunzira ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri zimaphunziridwa posewera. Ku Triple-A adzaima ndi ndodo ka 400 kapena kuposerapo, akutsogolera oponya usiku uliwonse. Pa benchi ya ligi yaikulu adzaima ka 180, kawiri pa sabata, pamaso pa oponya abwino koposa padziko lonse. Womenya wachinyamata akamasewera patalipatali diso limazirala, akayamba kuphonya amayamba kudzikayikira, ndipo pofika August mumakhala ndi mnyamata amene sanakuthandizeni lero komanso sanakule kuti adzakuthandizeni mawa.

Palinso nkhani ya malamulo, imene ndikuganiza kuti ndi yomwe ili pamtima pa akuluakulu a timu yanu. Timu imaloledwa osewera 26 pa gemu, oponya osapitirira 13, n'chifukwa chake pafupifupi matimu onse amayenda ndi ma catcher awiri okha. Wosewera akaikidwa pa mndandanda waukulu wa anthu 40, timu imakhala ndi zaka zitatu zomwe ingamamutsitse ku ligi zing'onozing'ono ndi kumukwezanso popanda womuletsa. Zakazi amazitcha ma option. Mnyamata wa zaka 23 ayenera kuti adakali nawo. Wachikulire wa zaka 34 kawirikawiri alibe, ndiye akachotsedwa pa anthu 26 aja ayenera kudutsa pa waivers, pomwe timu ina iliyonse mwa 29 zotsalazo ikhoza kumutenga, ndipo ngati watha zaka zisanu m'ligi yaikulu ali ndi ufulu wokana kutsika. Mukasankha wachikulire, mwasunga onse awiri. Mukasankha mnyamata, mwina mwataya mmodzi.

Ndipo pa malo amenewa anthu awiri sakwana. Taonani zomwe zinachitikira Los Angeles Dodgers mu 2025. M'mwezi wa May inasiyana ndi Austin Barnes, amene anakhala nayo zaka zoposa 10 ndipo ndiye anagwira mpira womaliza wa World Series ya 2020, n'kukweza Dalton Rushing, mnyamata amene ankamenya kwambiri ku Triple-A. Akusewera mwa apo ndi apo ngati wachiwiri kwa catcher woyamba Will Smith, Rushing anangopitirira .200 pang'ono. Kumayambiriro kwa September mpira unamugunda Smith pa dzanja n'kung'alula fupa, patangopita masiku ochepa Rushing nayenso anavulala mwendo. Amene anatsala anali Ben Rortvedt, munthu amene Dodgers inamutenga kwa Tampa Bay kumapeto kwa July anthu ambiri osalabadirako. Iyeyu ndiye anagwirira pitcher Yoshinobu Yamamoto ku Baltimore usiku umene anatsala ndi womenya mmodzi yekha kuti amalize gemu popanda hit, ndipo ndiye anayamba magemu oyambirira a ma playoff, mpikisano wa chikho wa kumapeto kwa sizoni. Dodgers inatenga chikho chaka chimenecho, koma ikanapanda kuganizira za munthu wachitatu mu July, September akanakhala mwezi wovuta kwambiri.

Kuvulala kwa catcher si nkhani ya mwina. Pa 25 May 2011 Buster Posey wa San Francisco Giants anawombana ndi Scott Cousins pa home plate, n'kuthyoka mwendo, sizoni yake n'kuthera pomwepo. Giants, imene inali itangotenga chikho mu 2010, inatsala ndi Eli Whiteside ndi Chris Stewart, oteteza bwino onse koma osamenya, ndipo sinafike ku ma playoff. Kuwombana koteroko kunaletsedwa ndi lamulo la 2014, koma mipira yogunda pachigoba ilipobe, ndipo ndi yomwe inachotsa Joe Mauer wa Minnesota Twins kumbuyo kwa home plate atavulala mutu mu 2013. Nkhani ya Posey imasonyeza chinthu chomwe ochemerera ambiri sachisiyanitsa. Wolowa m'malo kwa tsiku limodzi ndi wolowa m'malo kwa miyezi iwiri sayenera kukhala munthu mmodzi. Catcher wanu woyamba akapuma Lamulungu, wachikulire ndiye woyenera. Akathyoka chala n'kukhala kunja milungu isanu ndi itatu, ndikanakweza mnyamatayo kuti azisewera masiku anayi mwa asanu alionse, wachikulire n'kukhalabe pa udindo wake womwe uja, akumuthandiza kudziwa oponya. Mnyamata amene wakhala akusewera tsiku lililonse ku Triple-A amafika ali wotentha, ndodo ili m'manja.

Zilipo zomwe zingandisinthe maganizo. Ngati timu yanu ilibe chiyembekezo cha chikho chaka chino ndipo ikumanga za mtsogolo, mnyamatayo akwere, koma agawane magemu ndi woyambayo pafupifupi theka ndi theka. Ngati catcher woyamba wapitirira zaka 32 kapena kontrakiti yake ikutha kumapeto kwa sizoni, mnyamata ayenera kuyamba kudziwana ndi oponya panopa. Ngati woyambayo ndi womenya kwambiri, ngati Cal Raleigh wa Seattle Mariners amene anamenya ma home run 60 mu 2025, kotero kuti masiku ake opuma amasewerabe ngati designated hitter, womenya chabe wosateteza, wachiwiri amakhala ndi magemu ochulukirapo ndipo ndodo yake imayamba kuwerengedwa. Muonenso mbali yomwe aliyense amamenyera. Ma catcher onse amaponya ndi dzanja lamanja, ndipo womaliza kugwira ntchitoyi ndi lamanzere m'ligi yaikulu anali Benny Distefano mu 1989, kwa magemu atatu okha. Koma alipo omenyera kumanzere, ndipo ngati woyamba wanu amamenyera kumanja, wachiwiri wa kumanzere amalola manijala kumupumitsa pa tsiku lomwe timu inayo ili ndi pitcher wa dzanja lamanja wovuta. Za ndalama musadere nkhawa kwambiri. Malipiro otsikitsitsa m'ligiyi anali madola 760,000 mu 2025, ndipo wachiwiri wachikulire nthawi zambiri amalandira madola mamiliyoni ochepa chabe, zomwe sizigwedeza thumba la timu.

Pamene magemu okonzekera akupitirira, musiye kaye kuyang'ana ma hit a awiriwa, chifukwa m'mwezi wa March amakumana ndi oponya ambiri amene sadzakhala n'komwe m'ligi yaikulu. Yang'anani kuti oponya akuluakulu a timu yanu akuponyera ndani pa masiku awo. Onani ngati pitcher akupukusa mutu kawirikawiri pokana chizindikiro, kapena akungolandira mpira n'kuponya. Onani wachikulireyo mpira ukagwera m'dothi, ngati thupi likufika patsogolo pake kapena akungotambasula golovesi. Manambala ake a framing, a kutchinga ndi a nthawi yoponyera ku base yachiwiri ali poyera pa tsamba la pa intaneti la Baseball Savant, ndipo muyerekeze a chaka chatha ndi a zaka ziwiri zapitazo kuti muone ngati akutsika. Mukapeza kuti mipira ya m'dothi ikumupulumuka ndipo othamanga akufika pa base yachiwiri mpira udakali m'malere, mundilemberenso, tidzakambirane zomukweza mnyamatayo mwezi wa May usanathe.